Kodi kumugwira mlendo pakamwa n'kumukonda?

Cingelezi canga ndinacitola ku Dedza. Nkhondo itatithamangitsa kwathu ku Angónia, tinawoloka msewu uja wogawa malire, ndipo ndinalowa sukulu ya ku Malawi monga anacitira ana ambiri a m'midzi yathu ino. Titabwerera, mtendere wa 1992 utasainidwa, ndinacita kuyamba Cipwitikizi ndili wamkulu kale, ana ang'onoang'ono akundiseka. Patapita zaka ndinapeza mwayi wokaphunzira pa yunivesite ina ku Mutare, m'dziko la Zimbabwe, kumene kumafika ophunzira a ku Angola, a ku Congo ndi a kwathu kuno. Ambiri amafika asakudziwa Cingelezi, pamene maphunziro onse ali m'Cingelezi. Tsono ife odziwako tinapemphedwa kuti aliyense atenge mlendo mmodzi, aziceza naye ola limodzi kawiri pa sabata. Buku panalibe, malipiro panalibe. Nchito yake inali kuceza basi.

Ine ndinapatsidwa mnyamata wa ku Huambo, ku Angola. Tinapangana kuti Cipwitikizi tizicisiya pakhomo. Tsiku loyamba lomwe, ndimufunse za tsogolo lake, anandiyankha kuti, "I pretend to be a nurse." Inu odziwa Cipwitikizi mwamva kale zimene ankafuna kunena, paja pretender ndiko kukhala ndi colinga. Koma m'Cingelezi mawu ofanana nawowo amatanthauza kunamizira. Iye ankati akunena kuti akufuna kudzakhala namwino, pamene pakamwa pake pankatuluka zoti amanamizira unamwino.

Ndinamumva bwinobwino, ndipo ndinangogwedeza mutu. Anabwereza mawuwo kangapo m'miyezi itatu, ine osanena kanthu. Kwathu kuno mlendo akaphonya mawu sitimugwira pakamwa. Timamupatsa mpando, timamupatsa madzi, zophonyazo timameza. Ndinkakumbukiranso kuwawa kwa kusekedwa kuja, ndiye ndinkadziona ngati munthu waulemu ndi wacifundo.

Tsiku lina anamuimiritsa kutsogolo kwa kalasi kuti anene za iye mwini. Ananena mawu omwe aja, kalasi yonse inafa nako kuseka. Madzulo ake anaphwanya pangano lathu, nandifunsa m'Cipwitikizi kuti, "Acimwene, inu munkadziwa?" Ndinavomera. Sanakalipe. Anangoti, "Nanga ndimabwera kwa inu kudzatani?"

Funso limenelo ndakhala nalo zaka zambiri. Ndikaliunika bwino, cete wanga uja sankateteza iye ayi, ankateteza ine. Kumuwongolera kukanatisowetsa mtendere kwa kamphindi, ndipo kamphindi kameneko ndi kamene ndinkakathawa. Manyazi amene akanawamva pamaso pa munthu mmodzi womufunira zabwino ndinamusungira kuti akawamve pamaso pa gulu. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ine khutu lake ndinaliopa.

Nkhani ikanathera pamenepa ikanakhala yosavuta, koma ndinagwera mbali inayo. Ndinasanduka mlonda wa mawu. Akangotsegula pakamwa, ine ndili chire kudikira colakwa. Cingelezi cake cinayamba kuwongoka ndithu, ine n'kumadzitama mumtima. Ndiye madzulo ena, popanda ine kufunsa, anayamba kusimba za 1993, pamene asilikali anamenyanirana mzinda wa Huambo kwa masabata ambiri, anthu n'kuthawa wapansi. Ankalankhula pang'onopang'ono, akufunafuna mawu. Anati, "My brother die on the road." Ine, pakamwa patazolowera, ndinati, "Died." Anandiyang'ana, nabwereza kuti, "Died," nathokoza. Kenaka anafunsa za mayeso a sabata yamawa. Za mbale wake uja sanazinenenso mpaka tinasiyana.

Tangoganizani, ine amene ndinathawa nkhondo ndili pamsana pa amayi anga aang'ono, munthu akundiuza za maliro a mbale wake, ine n'kumamva galamala.

Pa zolakwa ziwirizi, caciwiri ndico cimandilemera. Coyamba cinamupweteka tsiku limodzi, ndipo pambuyo pake iye mwini ankaciseka. Caciwiri cinatseka khomo limene anali atalitsegula kamodzi kokha. Komabe sindinganene kuti kukhala cete ndiko kwabwino, cifukwa mnyamatayo sanacoke ku Angola kudzafuna womumvera cisoni. Anali ndi mayeso oti akhoze, ndipo abale ake anali atadzimana kuti iye afike kumeneko. Cobvuta n'cakuti pa ola limodzi lomwelo unali mphunzitsi, unalinso bwenzi, ndipo palibe belu limene limalira kukuuza kuti tsopano phunziro latha, amene akulankhulayu ndi munthu. Mawu ophonyeka ndi omwewo, koma nthawi ina akupempha kuwongoledwa, nthawi ina akupempha kumvedwa.

Cimene tinacita pambuyo pake anacibweretsa ndi iye. Anagula kope laling'ono nandipatsa. Akamalankhula ndizilemba mwakacetecete zimene waphonya, ola likatha atsegule yekha, tikambirane zimene wafuna. Zinathandiza, cifukwa mphamvu yosankha inabwerera kwa mwini mawu. Ena anganene kuti wophunzira sadziwa comwe sadziwa, conco sangasankhe bwino. N'zoona pang'ono. N'cifukwa cake ndinkalemba zonse, osamubisira ngakhale cimodzi. Cimene ndinamusiyira ndi nthawi yake yokha.

Zimenezi si za ku yunivesite kokha. Kuno kumabwera aphunzitsi ndi anamwino ocokera ku Maputo, ku Inhambane, ku Nampula, amene amayesetsa Cinyanja kuti amvane ndi agogo athu. Ena amatha zaka akuphonya mawu amodzimodzi, ife pamaso tikuwayamikira, akatembenuka tikuwayeserera n'kumaseka. Ulemu umenewo ndimaudziwa, ndi womwe uja ndinamucitira mnzanga wa ku Huambo.

Mwezi wathawu namwino wina wa kumwera anandipempha kuti tiziceza Loweruka lililonse. Ndinamuuza kuti abwere ndi kope. Tsiku laciwiri anayamba kundiuza za mwana wake amene anamusiya ndi agogo ake kwawo, ndipo m'Cinyanja cakeco mwana ndi mudzi zonse zinali "canga". Colembera cinali m'manja mwanga. Ndinacigoneka pa tebulo, ndipo "mwana wanga" ndi "mudzi wanga" ndinadzazilemba iye atapita, kuti akazione Loweruka linalo.