Kodi Zomwe Mphuno Zathu Sizimva N'zosakhalapo?

Alimi a kwa Shikabeta, m'boma la Rufunsa, akamakumba mbewa dzinja likatha, amatsata mauna ndi tinjira ta m'udzu. Mbewazo zimatsata zina. M'mphuno mwa mbewa muli kachiwalo kotchedwa vomeronasal, komwe kamazindikira timafungo tonyamula uthenga totchedwa ma pheromone, ta mu mkodzo wa mbewa inzake, n'kuuza ubongo ngati ndi yaimuna kapena yaikazi. Mu 1959, Hilda Bruce anapeza kuti mbewa yomwe yangotenga bere ikamva fungo la yaimuna yachilendo, berelo limachoka. Mlimi waima pa una womwewo, koma uthengawu sukumufika. Choncho kunena kuti chomwe sitikuchiona kapena kuchinunkhiza kulibe n'kudzinamiza.

Tikafika pa nkhani ya Mulungu, wina anganene kuti ma pheromone amayezeka, pomwe Mulungu sayezeka. N'zoona, ndipo mbewa siingakhale umboni woti Mulungu alipo. Komabe, mbewa zinkauzana zinthu kwa zaka zosawerengeka munthu asanazitulukire. Malire a mphamvu zathu si malire a chilengedwe. Wokhulupirira asathamangire kutchula chilichonse chobisika kuti ndi mzimu, ndipo wokana asatseke nkhani chifukwa maso ake sanaone. Onse awiri akufunika kudzichepetsa.