Usakhale Dan Quayle mpaka kalekale

Gemu ya pa kompyuta ya Civilization ilibe chisoni. Ukatsiriza kusewera imawerengetsa mapointi ako n'kukufanizira ndi atsogoleri a m'mbiri. Mu Civilization VI, pamwamba pa mndandandawo pali Augustus Caesar wa ku Rome, ndipo pansi penipeni pali Dan Quayle, yemwe anali wachiwiri kwa pulezidenti wa America kuyambira 1989 mpaka 1993. Kompyuta ikakuuza kuti utsogoleri wako ndi wa Quayle, seka pang'ono, pukuta thukuta, yambanso.

Koma usayambe monga dzulo. Chiyambireni mu 1991, pomwe Sid Meier anaitulutsa, gemuyi imalanga wopupuluma. Mu Civilization VI umayamba mu 4000 BC ndi kagulu kamodzi ka anthu ofuna pomanga mudzi, ndipo kufika 2050 uli ndi mipata 500 yosuntha. Palibe wotchi yokuthamangitsa. Mdani amadikira mpaka utaganiza n'kumaliza, monga zimakhalira pa bawo. Nanga ukuthamangira chiyani, mnzanga?

Mapointi amene ukuwasirira kumapeto amabzalidwa koyambirira. Mzinda woyamba uumange pamene pali madzi. Tumiza wofufuza akaone dziko. Onjezera mizinda adani asanalande nthaka yabwino, pakuti mizinda, chiwerengero cha anthu, sayansi ndi zomanga zikuluzikulu ngati Pyramids zonse zimalowa m'chiwerengero. Wokhala ndi mizinda itatu yokha pomwe anzake ali ndi khumi walephera kale, kungoti uthenga sunamufike.

Tsono choka pa gawo lophweka! Kugonjetsa kompyuta pa Chieftain tsiku ndi tsiku n'kudzinamiza. Kwera ku Prince, ku King, ku Emperor. Pa Deity, gawo lovuta koposa, kompyuta imayamba ndi magulu atatu omanga mizinda iwe uli ndi limodzi. Idzakukwapula, inde, mwina kangapo konse. Ikakulanda mzinda usathamangire kubweza gemu pomwe unaisunga kuti ufufute cholakwa. Ambiri amatero mobisa, ndipo n'chifukwa chake sakula. Limba mtima, ona kuti khoma unalimanga mochedwa kapena asilikali anachepa, uzimenyabe ndi zomwe zatsala.

Dzina lako lingathe kuyandikira la Augustus. Ukatsegula kompyuta madzulo ano, sankha gawo loposa la dzulo, ndipo usasunthe msilikali ngakhale mmodzi usanadziwe chifukwa chake.