Ndalipira Kale: Kodi Ndidye Kufikira Pati?

M'mizinda ikuluikulu ya maiko akunja, monga ku America ndi ku Britain, muli nyumba zodyeramo za mtundu wachilendo, ndipo zambiri mwa izo eni ake ndi anthu a ku China. Munthu akaloŵamo palibe womgaŵira chakudya. Amalipira mtengo umodzi wokha, natenga mbale, nayenda m'mbali mwa thebulo lalitali pamene ayalapo zakudya zamitundumitundu zili zotentha: mpunga wokazinga ndi mazira, nkhuku ya msuzi wotsekemera, nthiti za nkhumba, nsomba, ndiwo zamasamba, ndi chakudya china cha ufa wa tirigu chooneka ngati ulusi. Amatenga chimene mtima wake wafuna, ndipo akamaliza ali ndi ufulu wobwereranso kaŵiri, katatu, ngakhale kasanu, osaonjezapo ndalama. Kadyedwe kameneka Azungu amakatcha buffet, ndipo pakhomo amalembapo mau otanthauza kuti, idyani monse mungathere.

Mwina wina afunsa kuti, nanga ife a ku Ntcheu zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza ndithu. Abale athu ambiri ali pa ntchito ku Joni ndi m'mizinda ina kumene kadyedwe kotere nkosasoŵa. Chiyambire December 2007, pamene Malaŵi anapalana ubale ndi dziko la China, anthu a dzikolo achuluka pakati pathu. Ndiwo anamanga nyumba ya malamulo ku Lilongwe imene inatsegulidwa mu 2010, ndipo nyumba zawo zodyeramo zilipo ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mahotela athu aakulu nawonso amayala chakudya kuti alendo adzitengere okha. Koposa zonse, kadyedwe kodzitengera wekha kafika kale pa maukwati athu ndi pa misonkhano ya mabungwe pa boma pompano. Inu anyamata ndi asungwana mudzaima pamzere wotere mbale ili m'manja, ngati simunaimepo kale.

Tisanapite patali, tiwachitire chilungamo anthu a ku China. Mwambo umenewu sunachokere kwawo. Kwawo amadya pafupifupi monga momwe timadyera ife: ndiwo amaziika pakati, banja lonse nkuzungulira, aliyense namatapa pang'onopang'ono ndi timitengo tiŵiri. Mwambo wa mtengo umodzi unatchuka mu mzinda wa Las Vegas ku America m'zaka za m'ma 1940, pa hotela yotchedwa El Rancho Vegas, pamene munthu ankalipira dola imodzi nkudya mmene angathere. Las Vegas ndi mzinda wa njuga, ndipo eni hotela anafuna kuti otchova njuga asatuluke kukafuna chakudya kwina, koma akhalebe pafupi ndi pamene anali kutayira ndalama zawo. Pambuyo pake, makamaka m'zaka za m'ma 1990, anthu osamuka ku China, ambiri a iwo ochokera kuchigawo cha Fujian, anautola mwambowu natsegula nyumba zotere m'mizinda yambiri ya ku America.

Mwini nyumba yotere si wopusa ai. Safuna antchito ambiri operekera, pakuti wakudya amadzitumikira yekha. Amaphika zambiri nthaŵi imodzi. Zakudya zotchipa ndi zokhutitsa msanga kaŵirikaŵiri amaziika poyambirira, ndipo zodula munthu amazipeza mbale itadzaza kale. Iye waŵerengera kuti pa wosusuka mmodzi padzabwera ena angapo odya pang'ono, ndipo ameneŵa ndiwo adzalipirira mnzawo uja mosadziŵa.

Tsono funso lathu ndi ili: munthu akalipira mtengo umene wauzidwa, kodi pali cholakwa akadya kufikira kulephera kuimirira?

Tiyeni timve mau a munthu wotereyu, pakuti si opanda nzeru. Iye akuti, "Sindinabe kanthu. Mwini wake anatchula yekha mtengo, ndipo ananena yekha kuti ndidye mmene ndingathere. Ndalama ndi zanga, ndinazikhetsera thukuta. Ndikadya pang'ono ndiye kuti ndampatsa ndalama zaulere." Tiyenera kuvomera kuti sanabe, ndipo sanaswe pangano. Palibe bwalo la milandu limene lingamuimbe mlandu. Amene amanena kuti kukondwera ndi chakudya chokoma ndi tchimo akulakwitsa. Phwando ndi chinthu chabwino, ndipo kubwereranso kachiŵiri chifukwa chakudya chakoma ndi ulemu kwa wophika.

Koma taonani chimene chachitika mumtima mwake. Masiku onse munthu amadya chifukwa cha njala, ndipo amaleka chifukwa wakhuta. Uyu sakufunsanso mimba yake. Akufunsa thumba lake. Mbale yachitatu sakuidyera njala, akuidyera kubweza ndalama. Ndipo apa ndi pamene masamu ake asokonekera, pakuti ndalamazo zinapita kale pakhomo paja. Adye mbale ziŵiri, adye zisanu, palibe tambala imene idzabwerera m'thumba mwake. Chimene mbale yachisanu idzamuonjezera ndi kudzimbidwa, tulo toipa, ndipo akazoloŵera, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene masiku ano afika ngakhale m'midzi mwathu. Anafuna kumchenjerera mwini nyumba, koma wolipira chindapusa ndi thupi lake lomwe. Akulu anati, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Chimene anagula pakhomo paja ndi mwaŵi wakuti akhute ndi chimene wakonda. Mwaŵi umenewo umatha pamene wakhuta.

Nanga chifukwa ninji zimenezi sizinali zovuta kwa makolo athu? Kodi iwo analibe dyera? Analinalo monga ife. Koma kadyedwe kawo kanali ndi mpanda wooneka ndi maso. Anthu ankadyera m'mbale imodzi, abambo kwaokha, amai ndi ana kwaokha, ndipo m'midzi yambiri munali chidyerano, pamene nyumba iliyonse inkatulutsa nsima yake nkudyera pamodzi. Mitanda inali yoŵerengeka, nthuli za nyama zinali zoŵerengeka, ndipo aliyense ankaona dzanja la mnzake. Mwana wopisa dzanja natola nthuli yaikulu akulu asanayambe ankadzudzulidwa pomwepo, ndipo wotema mbamu zazikulu ankasekedwa ndi anzake kubusa mpaka kuleka. Mai wina wa ku Britain, Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni a Inkosi Gomani m'zaka za m'ma 1930 nalemba za kaleredwe ka ana awo, anaona kuti ulemu ndi kudziletsa zinali pakati penipeni pa maphunziro a mwana wa Chingoni. Angoni amadziŵika ndi kukonda nyama, komatu anali omwewo amene ankaphunzitsa mwana kulandira ndi manja aŵiri ndi kudikira gawo lake.

Thebulo lalitali lija limagwetsa mpanda wonsewu. Mbale ndi yako wekha. Chakudya chikatha amabweretsa china, motero suona kuti watapa cha mnzako. Anthu amene uli nawo sakudziŵa, ndipo sudzawaonanso. Apa ndi pamene pamadziŵika ngati kudziletsa kwathu kwa kumudzi kunali ulemu weniweni, kapena anali manyazi chabe oopa maso a agogo. Ndicho chifukwa chake nkhani ya nyumba yodyeramo yalembedwa m'kabuku ka Sande Sukulu.

Komabe tisafulumire kuloza chala aliyense wodzaza mbale. Chicheŵa chathu chimasiyanitsa zinthu zitatu: njala, nkhuli, ndi kususuka. Wanjala sanadye. Wankhuli wadya, koma wakhala miyezi akudya nsima ya masamba okhaokha, ndipo thupi lake likulira nyama. Wosusuka ndiye amene wakhuta koma maso ake sanakhute. Mnyamata waganyu amene waona nkhuku koyamba chichokere Krisimasi akadzaza mbale yake, si woyenera kusekedwa ndi bwana amene amadya nyama tsiku ndi tsiku, ngakhale bwanayo atatenga kanthuli kamodzi kokha mwaulemu. Kudziletsa nkwapafupi kwa munthu wodziŵa kuti maŵa adzadyanso. Dziko lathu laona njala mu 1949 ndi mu 2002, ndipo mu March 2024 mtsogoleri wa dziko pa nthaŵiyo analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Munthu amene anagonapo ndi njala amakhala ndi mantha m'mafupa, ndipo mantha amenewo ndi amene amatapa chipande chachiŵiri.

Aisrayeli m'chipululu anali ndi mantha omwewo. Pa Eksodo 16 timaŵerenga kuti mana anali kugwa m'maŵa uliwonse osalipira kanthu, ndipo panalibe mlonda woŵerenga zimene munthu watola. Anauzidwa muyeso: omeri imodzi pa munthu aliyense, ya tsiku limenelo. Ena anasunga kufikira m'maŵa, ndipo anapeza muli mphutsi ndi fungo. Anthu amenewo tingawamvetse, ndipo sitiyenera kuwanyoza. Koma kuwamvetsa sikuchotsa mphutsi zija. Mimba nayo si nkhokwe. Siisunga chakudya cha lero kuti itidyetse mwezi wamaŵa.

Pali chinanso choipa kuposa kudya kwambiri, ndicho kutenga ndi kusiya. Munthu amaunjika mbale mpaka msuzi kudontha, nadya theka, nakankhira kumbali, nakatenga mbale yatsopano. Chakudya chimene chikali m'mphika munthu wina angathe kudya. Chimene chasiyidwa pambale chimapita kudzala. Ife a ku Ntcheu tiyenera kumva kuŵaŵa kwake kuposa ena, pakuti kachewere wa ku Tsangano ndi kabichi ndi tomato wa pa Lizulu amakwera malole kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mwina kabichi wotayidwa m'hotela uja anathiriridwa ndi amai anu m'dimba, m'maŵa wa June kukuzizira. Ndalama za wakudyayo zinalipira mwini hotela; thukuta lija silinagulidwe kuti likathere kudzala.

Anthu a ku China eni ake anaiona nkhani imeneyi kukhala yaikulu. Dziko lawo linaona njala yoopsa kuyambira 1959 mpaka 1961, imene inapha anthu mamiliyoni ambiri. Litalemera, kutaya chakudya pa maphwando kunachuluka, kotero kuti mu 2013 kunayamba chilimbikitso chakuti anthu azitsiriza za m'mbale mwawo, ndipo mu April 2021 boma linakhazikitsa lamulo loletsa kuononga chakudya. Lamulolo limalola mwini nyumba yodyeramo kulipiritsa munthu amene wasiya chakudya chambiri, ndipo limaletsanso kuonetsa anthu zithunzi zoyenda za opikisana pa kudya mosusuka. Nzomvetsa chisoni kuti pafunike lamulo la boma pa chinthu chimene kale agogo ankachithetsa ndi diso lokha.

Tsopano tibwere kwathu, pakuti pano ndi pamene nkhaniyi ili ndi mano. Mu hotela ya mumzinda chakudya chikatha amadzazanso. Pa ukwati wa kumudzi sadzazanso. Mbuzi zinaphedwa ziŵiri, nkhuku zinaŵerengedwa, mpunga unagulidwa ndi ngongole, ndipo miphika ikatha, yatha. Munthu amene watenga mtima wa "monse mungathere" nabwera nawo pamzere wa ukwati sakupikisana ndi mwini hotela wolemera. Akupikisana ndi amene ali kumbuyo kwake. Ndipo tonse tikudziŵa amene amakhala kumapeto kwa mzere: agogo oyenda ndi ndodo amene sangathe kukankhana, ana, ndi amai amene anadzuka mbandakucha kukoleza moto ndi kuphika chakudya chomwecho. Iwo amapeza msuzi wokhawokha ndi makoko a mpunga.

Paulo anadzudzula Akristu a ku Korinto pa chinthu chofanana ndi chimenechi, monga tiŵerenga pa 1 Akorinto 11. Posonkhana, ena ankayamba kudya osadikira anzawo, ndipo mapeto ake ena ankakhala ndi njala pamene ena apyola muyeso. Sanawadzudzule chifukwa chakuti chakudya chinali chakuba. Chinali chawo ndithu. Anawadzudzula chifukwa anachititsa manyazi amene analibe kanthu.

Ndipo tinene mosabisa: amene amaitanidwa kuyamba pamzere kaŵirikaŵiri ndi ife olemekezeka, abusa, akulu a mpingo, mafumu, aphunzitsi ndi alendo ochokera kutauni. Ndife amene nkhuli yathu ndi yochepa, komanso ndife amene timapeza miphika ili yodzaza. Woyamba pamzere ndiye amaika muyeso wa onse, pakuti wachiŵiri amayang'ana mbale ya woyamba. Mkulu wa mpingo akatenga nthuli zinai, mnyamata wa m'kwaya sadzamva ulaliki wakuti atenge imodzi. Mabanja ena poona zimenezi abwerera ku nzeru yakale, naika mai wa chipande pa mphika wa nyama kuti azigaŵa yekha. Achita bwino, ngakhale kuti nzochititsa manyazi pang'ono kwa ife tonse.

Pali nkhani imodzi yovuta imene muyenera kukambirana m'kalasi. Mai wina watenga nthuli yake imodzi monga ena onse, koma sanaidye. Waikulunga mu jumbo kuti akampatse mwana amene wamsiya kunyumba. Wina wadya zake nakhuta, nabwereranso kukadzaza chikwama anthu akali pamzere. Onse aŵiri atuluka ndi jumbo, ndipo woima pakhomo sangawasiyanitse. Kodi achita chimodzimodzi? Nanga mai woyambayo akachita zomwezo m'nyumba yodyeramo ija, mmene pangano limati udyere pompo osatuluka nacho, mudzati waswa pangano, kapena mudzati nthuliyo inali yake kale? Musafulumire kuyankha, aloleni ana atsutsane.

Aphunzitsi, pokambirana zimenezi musalole kuti ana atchulane maina, kapena kutchula ukwati wa banja lakutilakuti. M'kalasi mwanumo muli ena amene abwera osalaŵa kanthu m'maŵa uno, ndipo si onse amene mungawadziŵe ndi maso.