Ndani Amamdziwa Mwana?

Mwana wamng'ono amakhala m'malo awiri. M'mawa ali kusukulu, madzulo ali kunyumba. Mphunzitsi amaona mwana wa m'mawa. Kholo limaona mwana wa madzulo ndi usiku. Tsono tifunsane: mwa awiriwa, ndani amamdziwa mwanayo?

Ena amati ndi mphunzitsi, cifukwa anaphunzira. Nzoona. Mphunzitsi amadziwa mmene ana amakulira. Amadziwa kuti ana ambiri amayamba kuyenda akakwanitsa caka cimodzi kapena kupitirira pang'ono. Amadziwa kuti pa zaka ziwiri amalumikiza mau awiri, monga "ndifuna madzi". Amaona ana ambiri pamodzi, motero sacedwa kuzindikira amene watsalira.

Ena amati ndi kholo, cifukwa ndilo linabala. Izinso nzoona. Mayi amadziwa mwezi umene mwana anadwala malungo. Amadziwa ngati wagona ndi njala. Amadziwa kuti khutu lake linatulukapo mafinya. Khadi la ku sikelo amasunga ndi iwo. Zimenezi sizilembedwa pa bolodi.

Tiyerekeze mwana wa ku Angónia. Wakwanitsa zaka 6 ndipo walowa kalasi yoyamba, monga limanenera lamulo la maphunziro la 2018. Mphunzitsi akamfunsa, mwanayo amangoyang'ana pansi. Mphunzitsi angaganize kuti mutu wake ngouma. Koma kunyumba mwana yemweyo amalongolola mpaka kumletsa. Amanena nthano. Amawerenga mbuzi za agogo ake madzulo alionse osaphonya.

Vuto lake nciyani? Mwina samva bwino. Mwina amapita kusukulu m'mimba muli pululu. Mwina amafunsidwa m'Cipwitikizi pamene iye amaganiza m'Cinyanja. Khutu lifuna cipatala. Njala ifuna phala. Cilankhulo cifuna kuti mwana ayambe kuphunzira ndi mau amene anayamwira. Njira imeneyi inayesedwa ku Tete ndi Cinyanja, ndi ku Gaza ndi Cichangana, kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo pambuyo pake inalowa m'masukulu ena a dziko lathu.

Matenda atatu, mankhwala atatu. Mphunzitsi yekha sangasankhe mankhwala oyenera, cifukwa sadziwa za kunyumba. Kholo lokha silingafune mankhwala, cifukwa silidziwa kuti mwana wake amakhala duu m'kalasi. Aliyense wagwira mbali imodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Kale awiriwa ankakumana pa msonkhano wa makolo pokha. Lero pali foni. Mu Malici 2020 masukulu anatsekedwa cifukwa ca matenda a COVID-19. Maphunziro anayenda pa wailesi ndi pa wailesi ya kanema, ndipo aphunzitsi ena ankatumiza nchito pa WhatsApp. Makolo ndi aphunzitsi anaona kuti angathe kukambirana za mwana popanda kudikira msonkhano. Bambo amene ali pa nchito ku Moatize kapena ku Johannesburg angamve za mwana wake tsiku lomwelo. Mayi amene sanadziwebe kulemba angalankhule m'foni, mau awo nkupita.

Koma foni ili ngati mpeni. Umasenda mbatata, umacekanso cala. Pali zinthu zinai zoyenera kusamala.

Coyamba, kukambirana kumafuna pakamwa ndi makutu. Mphunzitsi amene amangotumiza mau akuti "bwerani Lacisanu" kapena "bweretsani ndalama" akulamula cabe. Afunsenso kuti: "Mwanayu kunyumba amasewera ndi ndani? Amakonda ciyani? Amaopa ciyani?"

Caciwiri, kholo linene zoona. Kubisa kuti mwana amagwa khunyu kapena samva bwino ndiko kumtsekera njira. M'mera mpoyamba. Vuto lodziwika pa zaka zitatu limathandizika msanga kuposa lodziwika pa zaka khumi.

Cacitatu, mwana ali ndi ulemu wake. Ngati amakodza pogona, ngati amacita cibwibwi, nkhaniyo ndi ya kholo ndi mphunzitsi basi. Isaponyedwe pa gulu la anthu makumi anai. Mau a pakamwa amauluka ndi mphepo, koma a m'foni amakhala. Cithunzi cikacoka m'manja mwako sucibwezanso. Mwana wamng'ono sangadziteteze. Omteteza ndife.

Cacinai, tisaiwale amene alibe foni. Mwana wa wosauka amakula ngati mwana wa wolemera, ndipo nayenso afuna maso awiri. Mphunzitsi afike pakhomo, kapena amuitane khololo paokha. Makolo amene ali m'bungwe la sukulu aonetsetse kuti palibe banja lotsala.

Wina anganene kuti: "Ine sindinapite kusukulu. Ndingawauze ciyani aphunzitsi?" Mungawauze zambiri. Munamnyamula mwanayo kumsana. Munamva liu lake loyamba. Buku la mwana wanu linayamba kulembedwa pamaso panu, ndipo masamba oyambawo mphunzitsi sanawaone.

Apa mpamenenso tikuona phindu la kuphunzira kwathu. Uthenga wolembedwa ukabwera, munthu wosadziwa kuwerenga amapita nao kwa mnansi. Mnansi akauwerenga, cinsinsi ca mwana catuluka m'nyumba. Amene wadziwa zilembo amawerenga yekha ndi kuyankha yekha.

Ndani tsono amamdziwa mwana? Kholo limadziwa mbali yake, mphunzitsi amadziwa yake. Mwana yense amaoneka pamene awiriwa auzana zoona ndi kumsungira ulemu.

Mafunso okambirana

1. Ndi zinthu ziti za mwana wanu zimene mphunzitsi sangazidziwe popanda inu?
2. Ndi nkhani ziti zosayenera kutumizidwa pa gulu?
3. M'mudzi mwanu, banja lopanda foni lingamve bwanji za mwana wake?