Kugonja ndi Kuumirira Pamaso pa Akuluakulu

Wophunzira wofuna digiri yapamwamba sangoyamba kafukufuku mwa iye yekha. Amayamba walemba ndondomeko yofotokoza funso limene akufuna kuyankha, njira zimene adzatsate, ndi phindu la ntchitoyo. Kenaka amakaimirira pamaso pa komiti ya aphunzitsi amene amamupanikiza ndi mafunso. Akatha kumufunsa, kawirikawiri amamuuza kuti ayambe watuluka, ndipo iye amadikira pakhonde, mtima uli m'mwamba, pamene akuluakuluwo akugamula ngati apitirize, akonze, kapena ayambirenso.

Mantha a tsikulo amatha. Chimene sichitha msanga ndi funso ili: mphunzitsi wa imvi akanena kuti maganizo a wophunzirayo ndi osatheka, kodi wophunzirayo agonje kapena aumirire?

Mwambo umayankha mosazengereza kuti mawu a akulu amakoma akagonera. Ndipo nthawi zambiri mwambowu sunama. Mnyamata wolonjeza kufunsa alimi a m'boma lonse m'miyezi itatu, alibe ngakhale njinga, ayenera kuthokoza komiti imene yamuletsa. Kuumirira kotere si kulimba mtima ayi, koma umbuli wovala jekete.

Komabe akulu nawonso amaphonya. Cecilia Payne, mtsikana wa ku England, ankachita kafukufuku pa malo ounikira nyenyezi a Harvard ku America. Poyesa kuwala kwa nyenyezi, anapeza kuti mipweya ya hydrogen ndi helium ndi yochuluka kwambiri m'nyenyezimo kuposa china chilichonse. Pa nthawiyo akatswiri ankakhulupirira kuti dzuwa linapangidwa ndi zinthu zofanana ndi za dziko lapansi, monga chitsulo. Henry Norris Russell wa ku Princeton, amene mawu ake ankalemera kwambiri pa za nyenyezi, atawerenga zolembazo anamuuza kuti zimenezo n'zosatheka. Payne anali asanapitirire zaka 25, analibe udindo, ndiponso anali mkazi pakati pa amuna. M'buku lake la digiri la mu 1925, anawonjezera mawu onena kuti kuchuluka kwa mipweya iwiriyo kuyenera kuti sikunali koona.

Kodi umenewu unali mantha? Woweruza mofulumira angatero. Koma pali chinthu chimodzi chofunika kuchiona bwino: Payne sanafufute manambala ake. Anawasiya m'bukumo monga momwe anawapezera, kuti aliyense wofuna awaone. Anagonja pa kamasuliridwe, koma sanagonje pa umboni. Kusiyana kwa ziwirizi n'kwakukulu. Wophunzira wovomera kuti mwina wamasulira molakwa akungosonyeza kudzichepetsa, pakuti munthu wongoyamba kumene ali ndi chifukwa chodzikayikira. Koma wosintha zimene maso ake aona, kuti komiti imwetulire, wachita bodza, ndipo bodzalo lidzasocheretsa onse odzawerenga pambuyo pake.

Ngakhale zili choncho, kugonja kwa Payne sikunali kwaulere. Choonadi chinachedwa, ndipo mwini wake anachiphimba ndi dzanja lake lomwe. Apa mlandu waukulu ukugwera wofunsa, osati wofunsidwa. Russell sanali munthu wa kaduka. Ankayankhula molingana ndi nzeru za m'nthawi yake. Kulakwa kwake kunali kunena kuti "n'zosatheka" pamene akanati "ndionetse umboni wina". Mawu oyambawo amatseka pakamwa pa wophunzira, pamene achiwiriwo amamutuma kukagwira ntchito. Wokhala pampando wa komiti amaiwala msanga kuti amene waima patsogolo pake sangamutsutse momasuka, popeza digiri yake ili m'manja mwa womufunsayo.

Mu 1929 Russell, potsata njira ina, anapeza yekha kuti dzuwa ndi lodzala ndi hydrogen. Anatchula ntchito ya Payne m'zolemba zake, koma kwa zaka zambiri ulemu unkapita kwa iye. Payne anadikira mpaka 1956 kuti akhale pulofesa ku Harvard.