Usanagule ditekita ya kugombe, mphwanga

Mphwanga,

Amayi ako andiimbira kuchokera ku Nkhotakota. Akuti chiyambire tsiku lija unandiperekeza ku North Beach kuno ku Durban n'kundiona ndikuvuula mphete mumchenga, nkhani yako pa foni ndi imodzi yokha: ditekita, makina ofufuzira zitsulo pansi. Dzulonso wanditumizira zithunzi za makina atatu omwe wawaona pa Facebook, onse olembedwa kuti salowa madzi. Ndaziona. Ndalama zako za maganyu a ku Pinetown zibwezere kaye m'thumba, undimvere.

Tsiku lija iwe unaona mphete imodzi. Zitsekerero za mabotolo, misomali ndi mapepala a siliva okutira chokoleti zomwe ndinadzaza m'kachikwama ka m'chiuno, sunaziwerenge. Ndibwerera ku zimenezo. Choyamba ndi ichi: kusalowa madzi ndi nkhani ina, kupirira mchere ndi nkhani inanso. Ogulitsa amakuuza yoyambayo mokweza, yachiwiriyo amaimeza.

Iwe unakulira m'mbali mwa nyanja yathu, ndipo kwa iwe madzi ndi madzi basi. Koma ya kwathu ija ndi madzi akumwa. Ditekita wamba yosalowa madzi ukapita nayo ku Senga Bay imagwira ntchito bwinobwino, m'madzi momwe. Ino ndi nyanja yamchere, ndipo madzi amchere amadutsitsa magetsi. Mbale ya kunsi kwa ditekita ija, imene timaitcha koyilo, imatumiza mphamvu ya maginito pansi n'kumamvetsera ngati pali chinthu chodutsitsa magetsi chomwe chayankha. Pamchenga wouma chimayankha ndi chitsulo chokha. Pamchenga wonyowa ndi madzi amchere, gombe lonse limayankha. Makina otumiza frequency imodzi yokha sangasiyanitse bwino yankho la mchere ndi la golide wamng'ono, chifukwa ziwirizi zimamveka mofanana kwambiri.

Ine zimenezi sindinaziwerenge m'buku, ndinazilipirira. Makina anga oyamba ndinawagula pa sitolo ina m'tauni muno, wogulitsa atandionetsa akuviika koyilo mu ndowa ya madzi apampopi. Kumtunda, komwe anthu amayala mataulo, ankanditolera timakobiri ndithu. Nditangotsikira komwe mafunde amanyambita, anayamba kulira ngati nkhanga yoona galu: uku tswi, uku tswi, paliponse. Ndinakumba maenje osawerengeka opanda kanthu. Mzungu wina wachikulire amene ankasaka cha pomwepo anandiuza kuti ndichepetse mphamvu yomvera. Ndinachepetsa, makina anakhaladi chete, koma anakhala chete pa zonse. Nditakwirira mphete yanga yaukwati pakuya kwa chala chimodzi chokha kuti ndiyese, anaidutsa osanena kanthu. Chikomekome cha mkuyu. Ndinawagulitsa pa theka la mtengo kwa munthu wofufuza zikhomo za malire m'minda, komwe anali oyenera kuyambira kale.

Mankhwala a mchere alipo awiri. Oyamba ndi makina otchedwa pulse induction, ambiri amangoti PI. Amenewa amatumiza mphamvu modukizadukiza n'kudikira pang'ono asanamvetsere; yankho la mchere limazima msanga, la chitsulo limatsalira. Amalowa pansi kwambiri ndipo mchere suwasokoneza. Garrett Sea Hunter Mark II ndi wa mtundu umenewu. Vuto lake, PI sakuuza bwino chomwe wapeza. Msomali, chipini cha m'tsitsi, mbedza ya dzimbiri, waya wa makala a braai, zonse umakumba, ndipo umakumba dzenje lofika m'chigongono. Pagombe loyera la kutali ndi anthu ndi makina abwino. Pa Golden Mile, pomwe khamu la pa 1 Januwale limasiya zinyalala zosaneneka, msana wako udzatha usanaone golide. Kwa woyamba ngati iwe sindikuvomereza.

Achiwiri ndi makina otumiza ma frequency angapo nthawi imodzi. Poyerekeza mayankho a ma frequency osiyanawo, makina amatha kuchotsa phokoso la mchere n'kusiya la chitsulo, ndipo amakuuzabe ngati chili pansicho ndi chitsulo cha dzimbiri kapena ayi. Kale makina otere osalowa madzi anali odula zedi. Zinthu zinasintha mu 2018 pomwe kampani ya ku Australia ya Minelab inatulutsa Equinox 600 ndi 800, omwe amamira mpaka mamita 3. Otsatira ake, 700 ndi 900, amafika mamita 5. Kampani ya ku Turkey ya Nokta ili ndi Legend, yomwe imamira mamita osachepera 3 ndipo mtengo wake ndi wofewerapo. Pamwamba pali XP Deus II ya ku France ya mamita 20, ndi Minelab Excalibur II yomwe osambira pansi pa nyanja amatsika nayo mamita pafupifupi 60. Iwe sudzatsika mamita 60. Sudzatsika ngakhale awiri. Malo ako ndi kuyambira pamchenga wonyowa mpaka madzi a m'chiuno, ndiye usalipirire kuya komwe sudzakufika. Equinox kapena Legend zikukwanira kwa zaka zambiri.

Tsopano taona misampha iwiri yomwe ili m'zithunzi zako zija. Chithunzi china ndi Minelab Vanquish ya mtundu woyamba. Ndi makina abwino, amadziwa mchere, koma chosalowa madzi ndi koyilo yokha. Kabokosi ka m'manja komwe kuli ubongo wake sikomiza. Ungayende nawo pamchenga wonyowa, koma tsiku lomwe funde lidzakudzidzimutse n'kukugwetsa, kapena udzawaike pansi kuti ukumbe madzi n'kubwera, ndalama zapita. Chithunzi china ndi Nokta Simplex+. Imeneyo ndi mbali inayo ya msampha: imamira yonse mpaka mamita 3, koma frequency yake ndi imodzi, 12 kHz. Ku Nkhotakota ingakhale mfumu. Kuno, pamchenga wonyowa, uzichita kuinyengerera pochepetsa mphamvu. Ukuona? Ina imadziwa mchere koma imaopa madzi, inayo siopa madzi koma mchere umaivuta. Iwe ukufuna zonse ziwiri m'makina amodzi.

Chithunzi chachitatu chija, chopanda dzina la kampani, cholembedwa kuti chimaona golide pakuya kwa mamita asanu, ndi chidole. Ditekita ya m'manja imamva mphete pa masentimita 20 kapena 30, mwina kupitirirako pang'ono zinthu zikakhala bwino. Wokulonjeza mamita akukuwerengera ndalama m'thumba.

Wogulitsa akanena kuti makina salowa madzi, mufunse kuti mamita angati, ndipo akuonetse m'kabuku ka kampani, osati pakamwa. Ukafuna kugula a kaunjika, palibe cholakwika, anga apanowa ndinagula kwa munthu. Koma makina achinyengo otengera maina otchuka alipo ambiri, ndiye tenga nambala ya makinawo uifunse kwa ogulitsa ovomerezeka. Yang'ana timakutu ta koyilo pomwe pamalowa bawuti ngati tili ndi ming'alu, yang'ana ngati m'galasi mulibe nkhungu, yang'ana pomwe pamalowa chaja ngati sipanachite dzimbiri lobiriwira. Ndipo usayesere makina m'nyumba mwa munthu kapena pa kapinga. Kumanani kugombe, madzi ataphwera, ukwirire mphete yomangirira ku ulusi pamchenga wonyowa, uone. Akakana kubwera kugombe, wayankha kale. Safunsa anadya phula.

Poyesapo ufunefune pomwe mchenga uli ndi mizere yakuda. Gombe lino la KwaZulu-Natal lili ndi mchenga wakuda wolemera, womwe ku Richards Bay amachita kukumba mgodi. Uli ndi chitsulo m'kati, ndipo umasokoneza makina mwa njira yakeyake, kuwonjezera pa mchere. Makina akakhala phee pamenepo, ndiye kuti ndi makina.

Usathere ndalama zonse pa ditekita. Pamchenga wonyowa dzenje limadzikwirira lokha ukulikumba, ndipo funde likabwera limafafaniza zonse. Ukufunika sikupu, fosholo ija yokhala ngati ndowa yobowolabowola, ya chitsulo chosachita dzimbiri ndi mpini wautali woti uziponda ndi phazi. Yapulasitiki ndi ya ana. Mahedifoni opanda waya ndi abwino kumtunda, koma kabokosi kakangomira, mawu amaduka, chifukwa Bluetooth siyenda m'madzi. Ngati udzalowe mpaka m'chiuno, udzafuna a waya osalowa madzi. Ukabwera kunyumba, usanadye n'komwe, tsuka makina ndi madzi apampopi, uchotse chivundikiro cha pansi pa koyilo, umasule mapaipi a mpini. Ine ndinachitapo ulesi sabata imodzi, mchenga ndi mchere zinamata mpini moti mpaka lero sufupikanso, ndipo m'takisi ndimakwera nawo ngati ndanyamula mkondo.

Ndibwerere ku zinyalala zija. Pa ditekita pali batani losankhira zomwe sukufuna kumva, ndipo mtima wa wachinyamata umathamangira kuzimitsa zonse zosasangalatsa. Dziwa kuti mphete ya golide imalira pa manambala omwewo ndi kachitsulo kotsegulira chitini cha zakumwa ndi mapepala a aluminiyamu. Ukazimitsa zimenezo wazimitsa golide. Palibe makina, ngakhale odula bwanji, amene angakuuze motsimikiza kuti ichi ndi chitini, iyi ndi mphete. Timakobiri ta kuno ta 10c, 20c ndi 50c m'kati mwake ndi chitsulo wamba, kunja anangopaka. Tikakhalitsa mumchere timatupa ndi dzimbiri, kuliranso mosokonekera. Amene akutola mphete ndi amene wavomera kukumba zitini mazanamazana. Makina abwino amangokuthandiza kuti usakumbe maenje opanda kanthu.

Chinanso chomwe ndalama sigula ndi kuwerenga gombe. Anthu amataya mphete m'madzi, osati pataulo: madzi ozizira amachepetsa chala, mafuta odzola padzuwa amachititsa kuterera, funde limamaliza ntchito. Golide ndi wolemera, ndiye amamira mumchenga wofewa mpaka akafike pouma. Masiku ambiri amakhala pansi kwambiri moti makina alionse sangamumve. Umadikira namondwe adzasenge mchenga n'kusiya gombe litadulidwa ngati khonde. Ukatsikira pansi pa khondelo n'kuyamba kupeza mtovu wa asodzi ndi makobiri akale obiriwira, chepetsa liwiro, yenda mobwerezabwereza, pakuti zolemera zimagona pamodzi. Ukamaponda mapazi n'kumalowa, n'kumapeza zitini zokhazokha, choka, pamenepo pawunjikana mchenga watsopano. Kuno ku Durban kumbukiranso kuti mchenga wina amachita kuupopa kuchokera cha kukhomo la doko kudzathira m'magombe a m'tauni. Akangopopa, zonse zakwiririka.

Madzi amaphwera kawiri patsiku, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Amaphwera kwambiri mwezi ukakhala wathunthu ndiponso ukakhala mumdima. Masiku amenewo kuno zimachitika cha m'ma 9 kapena 10 m'mawa. Fika ola limodzi kapena awiri nthawiyo isanakwane, uzitsatira madzi akamabwerera.

Nyanja iyi usaipatse msana. Ukudziwa kusambira, inde, koma mafunde a mwera a kwathu ndi ena, awa ndi ena. Pali mikwasa ya madzi yokokera kunyanja, ndipo nthawi zambiri imakhala pomwe paoneka bata pakati pa mafunde. Ikakugwira uli ndi sikupu dzanja lino, ditekita dzanja linalo, taya sikupu. Usayendenso wekha kusanache ndi makina odula m'manja ndi makutu otseka. Amene akukuona ndi ambiri kuposa amene iwe ukuwaona.

Kunena za malamulo, ndife alendo m'dziko la eni, tisamapatse munthu chifukwa. Lamulo la National Heritage Resources Act la 1999 limateteza zombo zomwe zinamira zaka zoposa 60 zapitazo pamodzi ndi katundu wake. Ukapeza chinthu chooneka chakale chotere, si chako, ndi nkhani ya bungwe la SAHRA. M'malo otetezedwa ngati iSimangaliso usatulutse makina usanafunse oyang'anira. Dzenje lililonse kwirira, ndipo zinyalala zomwe wakumba pita nazo ku bini, chifukwa ukazisiya udzazikumbanso mawa.

Mphete yotola ili ndi mwini wake. Ikakhala ndi dzina kapena tsiku lozokotedwa m'kati, funsa kwa opulumutsa anthu m'madzi aja, kanene kupolisi, ulengeze pa Facebook osaonetsa zolembedwazo, kuti mwini weniweni azitchule yekha. Ija unaiona ku North Beach inali ndi zilembo ziwiri m'kati, ndipo inabwerera kwa mayi wina wa ku Johannesburg patatha milungu itatu. Anandipatsa kangachepe kokwana petulo ndi nkhuku. Ndikukuuza izi kuti ganyu wako wa ku Pinetown usamusiye. Pali miyezi yomwe ndimabwera ndi makobiri ogulira buledi basi.

Loweruka likudzali mwezi ukhala wathunthu. Kwera takisi yoyamba, tikumane pa South Beach cha m'ma 7 koloko. Ndikubwereka makina anga m'mawa wonse, ine ndizikhala pamchenga ndi tiyi wanga n'kumakuonera. Ubwere ndi kabudula, chipewa, ndi thumba lolimba la zitini.

Ndine malume ako.