Kodi Mwana Wopanda Mapepala Amuyankhulire Ndani?

Kwathu kuno mwana saima yekha pabwalo la amfumu. Ngakhale atalakwa, amalume ake kapena azakhali ake amakhalapo kuti amuyankhulire. Koma kuli ana ambiri amene amaima okha pamaso pa woweruza, mlandu wake woti analowa m'dziko la eni popanda chilolezo.

M'chaka cha 2014, ana oposa 68,000 anagwidwa pamalire a Mexico ndi America akuyenda opanda kholo. Ambiri anali ochokera ku Honduras, Guatemala ndi El Salvador. Ena ankathawa zigawenga zokakamiza anyamata kulowa m'magulu awo, ena umphawi, ena ankalondola makolo amene anatsogola kukafuna ntchito. Lamulo la ku America la 2008 linati ana ochokera m'maiko ngati amenewa asabwezedwe pompopompo, koma nkhani yawo ikamvedwe kukhoti. Vuto ndi loti pamilandu yotere lamulo silikakamiza boma kumupezera munthu loya, ngakhale akhale mwana. Boma limabwera ndi loya wake, pomwe mwana amene sanapeze womuthandiza amadziyankhira yekha.

Ena amati dziko lililonse lili ndi ufulu woteteza malire ake, ndipo mukawalekerera anawa, makolo ambiri adzapereka ana awo m'manja mwa anthu ozembetsa anzawo. Mfundo imeneyi si yonyoza. Ulendo wodutsa m'chipululu wapha ana ndithu. Komanso alipo ana amene kubwerera kwa makolo awo n'kumene kungawakomere.

Koma tingasiyanitse bwanji mwana amene akafika kwawo mwamtendere ndi amene akupita kukaphedwa, ngati sitinamumve? Mwana wazaka 8 sadziwa kuti nkhani ya mchimwene wake amene anaphedwa ndi zigawenga ndiyo ingamupulumutse. Mtsikana amene anagwiriridwa sangaulule msanga kwa bambo wachilendo wokhala pampando wautali. Amangoweramitsa mutu, ndipo kukhala chete kwakeko kumatengedwa ngati alibe chifukwa. Boma likhoza kubweza mwana, koma kumubweza lisanamumve bwino si chilungamo. N'chifukwa chake pangano la United Nations la 1989 la ufulu wa ana, limene Malawi analivomera mu 1991, limafuna kuti ubwino wa mwana uganiziridwe koposa ndiponso kuti mwanayo amvedwe.

Kumbukirani Mose ali khanda m'mphepete mwa mtsinje. Lamulo la Farao linali litamuweruza kale. Mwana wamkazi wa Farao anamumvera chisoni, koma amene anayankhula ndi mlongo wake uja anaima chapatali. Chisoni pachokha sichikwanira. Pafunika wina wotsegula pakamwa.

Nkhaniyi si ya ku America kokha. Achinyamata ochokera ku Ethiopia amadutsa m'dziko lathu lino popita ku South Africa, ndipo ena athera m'ndende zathu osadziwa ndi liwu limodzi lomwe la Chichewa. Ana athunso amapita ku Joni opanda mapepala. Tikamva kuti mwana wotere wagwidwa m'dera lathu, tisafunse kaye kuti ndi wa mtundu wanji. Tipite tikamuone, tidziwitse a ofesi yoona zosamalira anthu m'boma lathu, ndipo tifunse ngati ali ndi womuyankhulira. Paja akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.